Mchere wa m'Kabotolo

Ine ndinali telala wa pakhonde,
makina anga a mwendo atatsamira chipupa
cha sitolo ya a Valibhai, ku Dauni Shopu,
Chipata asanalandire dzina lake.
Zaka zambiri ndinapalasa pamenepo,
kusoka makabudula a anyamata a m'mafamu a fodya
ndi madiresi a ukwati obwera ndi ngongole yake.

Pa shelefu ya pamwamba, kuseri kwa biriwita,
panali kabotolo ka mchere wakuda.
Sunali wamalonda.
Mayi wina wa ku Feni atati, ndipimireni uwo wa tiki,
mwini sitolo anachita ngati wapondedwa pachilonda.

Madzulo ake anandiitana,
Chinyanja chake chikutsimphina:
Shanzi, uwu mkulu wanga anatola ndi manja
m'mphepete mwa nyanja ya kwathu,
boma litati mchere ndi wa mfumu ya ku Mangalande.
Anayenda wapansi masiku ambiri,
anthu ngati linthumbu,
opanda mkondo, opanda ndi kampeni komwe.
Ndodo ya msilikali inamuswa phewa.
Sanabweze. Anangofumbata.
Anachita kumufumbatula chala chimodzichimodzi,
koma zotsalira m'zikhadabo ndi izi.

Ndinasekera m'mimba.
Ine mwana wa Mngoni, nkhondo yopanda chishango?
Kumenyedwa uli chiimire ngati chitsa?

Unafika Ogasiti wa fumbi.
Wayilesi ya batire inakhosomola usiku wonse,
amwenye atazungulira ngati pali wodwala.
M'mawa anandiponyera zidutswa zitatu,
yachikasu, yoyera, yamsipu.
Soka mbendera, Shanzi, lero sitigulitsa.
Gudumu la pakati ndinalemba ndi sosala.
Ana a ku Kapata anadya maswiti aulere
osadziwa kuti ukwati ndi wa yani.

Kenaka makalata.
Dziko lang'ambidwa pakati,
wodulayo sanapime n'komwe mwini malaya.
Masitima akufika pa siteshoni ali zii.
Mkulu wake uja analemba kawiri,
kachitatu sikanabwere.
Mbendera yanga inapindidwa,
inakagona pansi pa mabulangete osagulika.

Ndisaname.
Tiyi wanga ankabwera m'chitini cha jamu,
ndipo kauntala sindinaidumphe ngakhale kamodzi.
Munthu angathe kulira ufulu wa kutsidya la nyanja
osaona amene wakhala pakhonde pake.
Ndinamuuza zimenezo tsiku lina, ulusi uli kukamwa.
Anakhala chete. Anawerenga mabatani
omwe anali atawerenga kale.

Nthawi yathu nayo inapsa.
Tinaunjika zitupa pabwalo,
timapepala tija tinkatiyesa mbuzi za pachingwe.
Palafini anachokera m'sitolo muja,
botolo lathunthu, usiku, kudzera kukhomo la kuseri,
ndipo m'buku la ngongole simunalowe kanthu.
Apolisi atabwera ndi ndodo zawo
magazi a makolo anawira m'mikono mwanga,
mwala unali pomwepo, pafupi ndi chala chachikulu.
Sindinautole.
Ndinangofumbata phulusa lotentha.
Chipsera chake nachi, mukhoza kugwira.

Lero m'sitolo muja akugulitsa mafoni.
Mdzukulu wake, wobadwira konkuno,
amalankhula Chinyanja choposa cha adzukulu anga.
Posesa mashelefu anapeza kabotolo,
nati, agogo, mukudziwa kuti aka n'kachiyani?

Ndinakatsegula ndi mano otsalawa.
Mchere unali utaundana ngati mwala wa pa Kanjala.
Ndinapala pang'ono ndi singano,
n'kuika palilime.

Ndinkayesa ndimva nyanja imene sindinaione.
Ayi ndithu.
Unali mchere basi,
wonga wa pa msika wa Kapata,
wonga umene unkatsikira m'maso mwanga
masana a Okutobala, mwendo uli pa makina.